Masamu a dalaivala wonyamula abwana m'misewu ya Thyolo ndi Mulanje

Ngati ntchito yanu ndi yonyamula abwana kapena ndalama za malipiro, zolowerani kuwerenga liwiro m'mamita pa sekondi. Nambala ya makilomita pa ola yomwe singano ya liwiro ikuloza muigawe ndi 3.6. Pa 80, galimoto ikudya mamita 22 sekondi iliyonse. Kuti maso aone chipika chogonekedwa mumsewu, mutu uzindikire, phazi lifike pa buleki, pamatha pafupifupi sekondi ndi theka. Mamita 33 apita kale musanaponde n'komwe.

Mukaponda, masamu a mtunda woimira ndi awa: liwiro la pa singano lichulukitseni ndi liwiro lomwelo, mugawe ndi 254, mugawenso ndi nambala ya kagwiridwe ka matayala. Pa phula louma nambalayi imakhala cha m'ma 0.7, pa lonyowa imatsika kufika cha m'ma 0.4. Choncho pa 80 mufunika mamita 36 kukakhala kouma, 63 mvula ikagwa, osawerengera 33 aja. Pa 40 pouma ndi mamita 9 okha. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Maso saona zimenezi, n'chifukwa chake ngakhale akhalakale pa chiwongolero amapusitsika nazo.

Kwathu kuno pali zina zowonjezera. Pa mtsetse wotsika mamita 8 pa mamita 100 aliwonse, chotsani 0.08 pa nambala ija, ndipo 63 uja asanduka 79. Matope ofiira omwe mathirakitala amatuluka nawo m'minda ya tiyi n'kuwapaka pa phula amaterera kuposa madzi. Ikabwera chiperoni, muziyamba ndi kufunsa kuti mukuona patali bwanji. Ngati ndi mamita 50 okha, pa liwiro la 50 ponyowa muima pa mamita 45, koma pa 60 mufunika 60, kutanthauza kuti chomwe chabisala m'chifungamo mwachigunda. Mtsetse wautali tsikani ndi giya yaing'ono, poti mabuleki akatentha amasiya kuluma.

Pa khona, liwiro lichulukitseninso lokha, mugawe ndi 127, kenako ndi kutalika kochokera pakati pa bwalo la khonayo kufika pomwe mukudutsa. Yankho likaposa kagwiridwe ka matayala, galimoto ikana chiwongolero n'kulowa m'tiyi. Khona ya mamita 50 imalola mpaka 67 pouma, 50 ponyowa. Amenewo ndi malire, si liwiro loyendera. Ndi abwana kumbuyo, musadye kupitirira theka la kagwiridweko, lotsalalo ndi lozembera kabaza kapena munthu wotchinga njira mwadala. Tayala limagwira pansi ndi malo ongofanana ndi chikhatho, ndipo kuponda buleki ndi kukhota zimagawana mphamvu ya pamalo omwewo. Malizani kuponda galimoto ikadali yowongoka, kenako khotani.

Pophunzitsa, pezani bwalo lotsekedwa, tepi yoyezera ndi makoni. Mpweya wa m'matayala uyezedwe asanatenthe. Wophunzira afike pa koni ali pa 20, aponde mwamphamvu, muyeze pomwe waima. Abwereze pa 40 ndi pa 60, kenako thirani madzi, kenako ikani matumba a mchenga olemera ngati anthu anayi. Manambala alembe yekha, akatero satsutsanso. Pa galimoto ya ABS, mabuleki oletsa matayala kuumiratu n'kukhululuka mukaponda mwamphamvu, ambiri amachotsa phazi buleki ikayamba kunjenjemera. Kunjenjemerako ndiye kugwira ntchito kwake, apondebe uku akuwongolera. Kenako ikani koni pakati, azizungulira patali mamita 15, akuwonjezera liwiro pang'onopang'ono. Pa phula louma, cha m'ma 36 matayala ayamba kulira ndipo kutsogolo kuyamba kuthawira kunja. Izi chitani ndi galimoto yaifupi msinkhu. Yaitali msinkhu ngati Prado, makamaka yokhala ndi katundu padenga kapena zitsulo zoteteza ku zipolopolo, ikhoza kugubuduzika.

Mukaima pa mzere wa magalimoto pa Bvumbwe kapena pa Chitakale, siyani mpata woti muziona matayala akumbuyo a galimoto ya kutsogolo pomwe akhudza phula. Mpata umenewo ukukwanirani kutuluka osabwerera m'mbuyo. Zitseko zikhale zokhoma, injini isazime.