Mapazi a wokwera akatsogola, cholipira ndi kamwa la hatchi

Nyengo ino ndaitanidwa kangapo kukaona mahatchi a zaka 3 kapena 4 amene eni ake akuti auma pakamwa. Dandaulo lake ndi lomwelo kulikonse. Hatchi inali yofatsa pamene ankaizungulitsa pa chingwe chachitali, chishalo inachilandira bwinobwino, koma patangotha miyezi iwiri chiyambire kukweredwa yayamba kupukusa mutu, kuyasamula, kuthamangira kutsogolo ngati yalumidwa ndi mavu. Funso limene ndimalandira nalonso ndi limodzi: "Alangizi, tigule chitsulo cha m'kamwa chotani kuti izimva?" Ine ndimangoti kwerani ndione. Munthu asanazungulire bwalo kawiri, matenda ndimakhala ndawapeza, ndipo amakhala ali pamwamba pa chishalo, atavala nsapato.

Wokwerayo wakhala ngati ali pa mpando wandalema. Matako ali kumapeto kwenikweni kwa chishalo, mawondo akwera, mapazi atsogola mpaka pafupi ndi phewa la hatchi. Munthu wokhala chotere alibe chomuchirikiza pansi pake. Yesani nokha pompano: khalani pampando, ponyani mapazi kutsogolo, kenako imirirani osawabweza. Simunyamuka pokhapokha mutagwira chinthu n'kudzikoka. Pa hatchi chinthu chogwiracho ndi zingwe, ndipo zingwezo zakathera pa chitsulo chimene chili m'kamwa mwa nyama yamoyo. Ndiye taganizani pa kathamangidwe kaja timati trot, pamene wokwera amanyamuka ndi kukhala motsatira mapondedwe a hatchi. Pa mphindi imodzi munthu amanyamuka maulendo oposa 60. Ponyamuka akukoka kamwa, pokhala akugwera phi! pamsana. Mphindi 10 zokha, kamwa lakokedwa koposa ka 600, mwini wake ali phee, akukhulupirira kuti manja ake ndi ofewa.

Chitsulo chija chimagona pa mpata wopanda mano, pakati pa mano akutsogolo ndi mano otafunira. Pamenepo fupa la chibwano langokutidwa ndi kamnofu kopyapyala. Lowetsanipo chala mukanikize pang'ono, muona momwe hatchi ibwezere mutu. Komanso msinkhu umene tikuyambira kukwera mahatchiwa ndi womwewo umene akugulula mano aubwana: akutsogolo apakati amachoka pa zaka ziwiri ndi theka, otsatira pa zaka zitatu ndi theka, a m'mbali pa zaka zinayi ndi theka, ndipo ena mwa otafunira nawonso amasinthidwa m'nyengo yomweyi. Mahatchi ambiri alinso ndi timano ting'onoting'ono patsogolo pa mano otafunira akumtunda, pomwe chitsulo chimagunda chikakokedwa. M'kamwa momwe muli kale chipwirikiti ndi momwe inu mwasandutsa chogwirira.

Za msana ndiye zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa siziwoneka msanga. Mafupa a hatchi amakhwima kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba, ndipo omaliza ndi a msana ndi khosi, pa zaka 5 mpaka 6, mwinanso kupitirira kwa mahatchi akuluakulu. Hatchi ya zaka 3 ikhoza kuoneka yojintcha, miyendo ili nganganga, koma msana ukadali wamwana. Chishalo chimayenera kugona pamwamba pa nthiti, zimene zilipo 18 mbali iliyonse. Kuseri kwa nthiti yomaliza kuli chiuno, chopanda nthiti zochithandiza kunyamula katundu. Wokwera wokhala chambuyo amakankhira thupi lonse kumapeto kwa chishalo, ndipo mapetowo amakumba cha kumeneko. Hatchi imachita zomwe inu mungachite wina atakukanikizani ndi chigongono m'chiuno: imabonyeza msana kuthawa ululu. Msana ukatsika, mutu umakwera, miyendo yakumbuyo imatsalira.

Tonse tikudziwa kuti hatchi ikangoima, pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake amakhala pa miyendo yakutsogolo, ndipo ntchito yonse ya chaka choyamba ndi yoiphunzitsa kulowetsa miyendo yakumbuyo pansi pa mimba, kukweza msana, kuti inyamule munthu osadzipweteka. Makhalidwe a pa mpando wandalemawa amaphunzitsa zosiyana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku. Pakatha miyezi ingapo mudzaona mnofu wa kunsi kwa khosi watukuka, pamwamba pa khosi pali pyapyalala, kuseri kwa chishalo kwalowa. Mukamaipesa pamsana ikunyanyuka, mukabwera ndi chishalo ikubweza makutu. Thupi limene mwaumba m'miyezi itatu lidzakutengerani nthawi yotalika kuposa pamenepo kuti muliumbenso.

Mtengo waukulu koposa uli m'mutu mwa hatchi. Nyamayi imaphunzira pa kumasulidwa. Mwakoka chingwe pang'ono, yachepetsa liwiro, mwamasula, yadziwa kuti yankho ndi limenelo. Nanga ngati chingwe chikukokedwa nthawi zonse, poyenda, pokhota, pothamanga, popanda chomwe mukupempha? Imazindikira kuti kukoka kulibe tanthauzo, n'kuyamba kukutsamira kapena kukuthawa. Mwendo wanu nawo uli kutali ndi malo ake, cha pa lamba wa pamimba, ndiye pofuna kuiuza kuti ipite mumaubweza ndi mphamvu n'kumenya ndi chidendene, thupi n'kugwera kumbuyo, manja n'kukoka. Mwati pita, mwatinso ima, nthawi imodzi. Hatchi yofatsa imangozizira mtima n'kukhala gwa, osamvanso mwendo kapena dzanja. Yamoto imafuna potulukira, ndipo kutsogolo kukatsekedwa, kumbuyo kukatsekedwa, kotsala ndi kumwamba. Hatchi imene yaphunzira kuima ndi miyendo iwiri ili ndi zaka 3 ndi yoopsa kwa aliyense amene adzaikwere, ndipo dzina loti ndi yamwano imafa nalo. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kuno zatembenuka, wadya ndi wamkulu, wopotedwa ndi mwana.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti mankhwala amene anthu amathamangira ndi owonjezera matenda. Mutu wakwera, amaumangirira pansi ndi zingwe zina. Sikuima, amagula chitsulo chopyapyala kapena chokhala ndi mikono yaitali, choluma kwambiri. Dzanja lomwe lija, lodzikoka nalo, tsopano mwalipatsa mpeni. Kenako pali mawu aja amene aliyense woima pakati pa bwalo amakuwa kuyambira kalekale: "Chidendene pansi! Chidendene pansi!" Wophunzira amamva, amakankha ndi mphamvu chopondera cholendewera ku chishalo chimene phazi limalowamo, bondo limauma, phazi limathawira kutsogolo, chidendene chatsikadi, wophunzitsa wakondwa. Ndi momwe ambiri tinapezera chizolowezichi, ine ndemwe. Chidendene chimatsika chokha pamene kulemera kwa mwendo kukuyenderera kudutsa m'bondo ndi m'kakolo zomasuka. Chokankhidwa ndi mphamvu n'chachabe.

Ndipo musandiuze kuti mwakhala mukukwera chonchi zaka zonsezi osagwa. Mwakhala mukukwera mahatchi akale, odziwa ntchito, amene anaphunzira kukupirirani. Hatchi yaing'ono ilibe poyerekeza. Chilichonse chimene thupi lanu lachita, mwadala kapena mwangozi, kwa iyo ndi phunziro. Ku Spanish Riding School, sukulu yotchuka ya zokwera mahatchi ya ku Vienna m'dziko la Austria, wophunzira amakhala nthawi yaitali akuzungulitsidwa pa hatchi yodziwa kale, opanda zingwe m'manja, opanda zopondera, asanaloledwe kuyandikira ntchito yophunzitsa hatchi yatsopano. Ife timafuna kuphunzira kukhala ndi kuphunzitsa mwana wa hatchi tsiku limodzi, pamsana pomwepo.

Bambo wina wachikulire, woweta ng'ombe amene amayendera ziweto zake pa hatchi, anandiitana chifukwa cha hatchi yake yaikazi ya zaka 4. Nditawauza mwaulemu kuti mapazi awo atsogola, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu Alangizi, ine ndinayamba kukwera hatchi inu musanabadwe. Lero mundiphunzitse kukhala pansi?" Ndinati, "Ayi Bambo, kuphunzitsa ayi, koma tiyeni mdzukulu wanuyu atijambule pa foni, tionere limodzi." Mtsikanayo anajambula ataima cham'mbali. Achikulire anaonera kawiri, ali duu. Kenako anati, "Ameneyu ndine?" Mdzukulu uja kuseka mpaka kugwira m'mimba. Atatha kuonera kachitatu anagamula mlandu: "Ndi chishalochi."

Ndinkayembekeza kuwatsutsa, koma nditachiika pamsana popanda nsalu ndinapeza kuti akunena zoona, mbali ina. Chishalocho chinali cha hatchi yawo yakale yowonda. Pa iyi chinali chothina kutsogolo, motero chinakhala chokwera kumaso, chotsika kumbuyo, ndipo aliyense wokhalapo ankatsetserekera kumapeto. Lamba wa chopondera chakumanzere analinso atatamuka chifukwa chokwerera mbali imodzi zaka zambiri, moti mabowo ofanana ankapereka utali wosiyana. "Mwaona? Ndinanena ine kuti si ine," anatero Bambo aja, nkhope ili ngwee. Ndinangovomera, pakuti ndinali mlendo. Tinabwereka chishalo chokwana bwino, anakweranso, mapazi anabwerera komwe kuja, kuphewa. Zaka makumi angapo sizichoka m'thupi chifukwa chosintha chikopa. Chomwe chinathandiza n'chakuti mdzukulu uja, amene anali asanaume m'zizolowezi, ndiye anatenga ntchito yokwera hatchiyo, agogo ake n'kumaima pakati pa bwalo kumamukalipira kuti abweze mapazi.

Zochita zake si zachilendo. Woonera cham'mbali aone mzere umodzi woongoka kuchoka pa khutu, phewa, chiuno mpaka chidendene, ndipo lamba wa chopondera alendewere molunjika pansi. Dzifunseni kuti hatchi itachotsedwa mwadzidzidzi, mungatere ndi mapazi kapena ndi matako? Mukasuzumira pansi, bondo libise zala za kuphazi. Utali wa zopondera: tulutsani phazi, mwendo ulendewere, chitsulo cha chopondera chigunde pa kakolo, ndipo pa hatchi yaing'ono mukhoza kufupikitsa bowo limodzi kuti mupepuke pamsana. Malamba awiri a zoponderawo muziwasinthanitsa mbali.

Kudzikonza kuchitikire pa hatchi yakale yodekha. Imirirani pa zopondera itaima, kenako ikuyenda, kenako pa trot, osagwira zingwe zolimba. Mukagwera kumbuyo ndiye kuti mapazi atsogola, abwezeni kuchokera m'chiuno, osati kungopinda bondo. Yesaninso kunyamuka mapondedwe awiri, kukhala limodzi. Izi sizinamizika. Pezani mnzanu akuzungulitseni pa chingwe chachitali manja ali m'chiuno.

Pa hatchi yaing'onoyo mangani lamba womasuka m'khosi, ndipo ikadzidzimuka gwirani ameneyo kapena chenjerere, kamwa lisiyeni. Zigongono zikhale zopinda, mzere woongoka kuchoka pa chigongono kudutsa m'dzanja kukafika pa chitsulo. Maso kutsogolo, chifukwa mutu wa munthu umalemera pafupifupi makilogalamu 5 ndipo ukaweramira pansi hatchi imaumva. Pa trot muzinyamuka, musakhaliretu, ndipo mukasintha mbali sinthaninso mwendo wa hatchi umene mukunyamukira. Mizere yoongoka ndi mabwalo aakulu a mamita 20 m'mimba mwake, mphindi 15 kapena 20 zakwana. Chipewa cholimba kumutu, izi sindiyeneranso kunena.

Ngati m'kamwa muli kale mabala kapena msana ukupweteka ukakhudzidwa, tsikani kaye. Dokotala wa ziweto aone mano ndi msana, wodziwa zishalo aone chishalo, ndipo achionenso pakapita miyezi yochepa poti thupi la hatchi yomwe ikukula limasintha. Chitsulo choluma chija chipachikeni, mubwerere ku chosalala chimene munayambira.