Mmene mungayenderere sukulu ya mkombaphala musanalembetseko mwana

Makolo ambiri akafuna kupezera malo mwana wa zaka 2 kapena 3 amayamba ndi kufunsa fizi, kenako amayang'ana yunifolomu ndi zithunzi za pa mpanda, ndipo akamva ana akutchula masiku a sabata m'Chingerezi mtima umakhala pansi. Zonsezi sizinena zambiri za mmene mwanayo azikhalira mukamusiya pachipata. Ubwino wa sukulu ya mkombaphala umaonekera pa zimene alezi amachita ndi ana m'mawa wa tsiku wamba, pamene sakuyembekezera mlendo aliyense.

Choncho pitani osapangana tsiku, makamaka pakati pa 9 koloko ndi 11 koloko, nthawi imene ana amakhala atasewera, ena atatopa, ndipo phala lili pafupi kugawidwa. Mukalonjerana ndi oyang'anira, pemphani kuti mukhale pambali kwa ola lathunthu. Ngati akukanizani kulowa, kapena akukusungani mu ofesi pamene wina wathamangira kukakonza m'chipinda, mwaphunzirapo kale kanthu.

Mukakhala pansi, werengani ana ndi akuluakulu amene alidi m'chipindamo, osati amene alembedwa m'kaundula. Mwana wa zaka 2 amafuna kuperekezedwa kuchimbudzi, kupukutidwa mamina ndi kunyamulidwa akagwa, ndipo mlezi mmodzi amene wasiyidwa ndi ana 30 a msinkhu umenewu sangachitire mwina koma kuwakhazika chete ndi mawu okalipa. Onani zimene zimachitika mwana akalira. Mlezi wodziwa ntchito amagwada kapena kukhala pamphasa kuti nkhope yake iyang'anizane ndi ya mwanayo, amamutchula dzina, ndipo amayamba wamva chimene chavuta. Onaninso ngati ana amapita okha kwa iye kukamuonetsa chimene apanga, chifukwa mwana sathamangira munthu amene amamuopa. Kamtengo kali pakona, kugwaditsa ana, kuwatsina kapena kuwaopseza ndi jakisoni ndi zifukwa zokwanira kuti mukafune kwina, ngakhale nyumbayo ikhale yokongola chotani. Nkhanza zoonekeratu mungazinene pa nambala yaulere ya 116, imene imalandira madandaulo okhudza ana.

Funsani za maphunziro a alezi, koma yankho lake mulimve mwanzeru. Dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmerampoyamba mu 2003, ndipo sukulu zambiri za kumudzi zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, amene maphunziro awo oyambira amakhala a masabata awiri okha. Bungwe loona za maphunziro a mmerampoyamba la AECDM, lomwe likulu lake lili ku Blantyre, lakhala likuphunzitsa alezi kwa zaka zambiri. Satifiketi ndi yofunika, komabe mayi amene wakhala pa malo amodzi zaka 5 ndipo amadziwa mwana aliyense ndi agogo ake angapose wa mapepala amene achoka mwezi wamawa. N'chifukwa chake muyenera kufunsa kuti alezi akhalapo nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati sukuluyo inalembetsedwa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma lanu.

Musachite manyazi kupempha kuona chimbudzi. Chikhale ndi bowo laling'ono loti mwana sangagweremo, chivundikiro, ndi posamba m'manja pafupi, kaya ndi mpopi kapena mpondagiya wokhala ndi sopo. Kusambitsa ana onse m'beseni limodzi asanadye n'kugawana matenda, chifukwa womaliza amasamba litsiro la anzake. Funsani kumene amatunga madzi akumwa, ngati amathiramo kolorini, komanso ngati mwana aliyense ali ndi kapu yake. Amene anaona mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, sangaone mafunso amenewa ngati kuvutitsa.

Phala mulione ndi maso, ndipo ngati n'kotheka mulilawe. Phala la ufa woyera lothira shuga yekha limakhutitsa koma silikulitsa, pamene la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, kapenanso Likuni Phala, limapatsa mwana zomanga thupi. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, choncho kapu ya phala imeneyi si nkhani yaing'ono. Kumene ana amabwera ndi chakudya chawo, funsani ngati sukulu imalangiza makolo kuika mbatata, nthochi kapena dzira m'malo mwa zokhwasulakhwasula za m'mapepala. Pophikira pakhale patali ndi posewerera, pakuti mphika wa phala lotentha ndi mwana wothamanga siziyenera kukumana.

Pa nkhani ya kuphunzira m'pamene makolo timapusitsidwa kwambiri. Mwana wa zaka 3 amene amaloweza manambala mpaka 50 koma sangakupatseni zitsekerero 3 za mabotolo mukamupempha sanaphunzire kuwerenga, wangophunzira kubwereza mawu. Pa msinkhu umenewu ana amaphunzira ndi manja, miyendo ndi pakamwa: kuumba ng'ombe zadothi, kuthira mchenga m'zitini, kusanja zitsononkho zazikulu ndi zazing'ono, kuponyerana mpira wachikulunga, kuvina ndi kuyankhira nthano. Zidole za m'sitolo zotsekeredwa m'kabati kuti zisawonongeke zilibe phindu poyerekeza ndi zinthu zakumudzi zimene zili pamphasa, pamene mwana angazifikire yekha. Chenjezo n'lakuti nyemba, timiyala ndi mikanda siziyenera kusiyidwa kwa ana osakwana zaka 3, chifukwa amaziika m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu.

Mvetserani kuti akulankhula kwambiri ndani. Ngati ola lonse mlezi akufuula mawu ndipo ana akungobwereza pamodzi, ndiye kuti palibe amene akufunsidwa funso loti aganize. Funani malo amene mlezi amafunsa kuti, "Kalulu uja anathawira kuti?" n'kudikira yankho, ngakhale lichedwe. Chingerezi si choipa, koma mwana amene amatha kufotokoza nkhani bwinobwino m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao amakhala ndi maziko ophunzirira chilankhulo china, ndipo kuletsa kamwana kulankhula chilankhulo cha kwawo kumangokasandutsa kachete. Sitandade 1 imayamba pa zaka 6, kotero palibe chifukwa chokakamizira mwana wa zaka 2 kugwira pensulo ndi kupita kunyumba ndi homuweki. Mikanjo ndi zisoti za mwambo wotsazika ana, zimene makolo amalipirira padera, zimakongoletsa zithunzi basi.

Onaninso pogona. Malangizo a mu 2019 a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati mwana wa chaka chimodzi kapena zaka 2 azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asamaonere kanema kupitirira ola limodzi. Sukulu imene imasunga ana mpaka madzulo iyenera kukhala ndi mphasa zoyera pa malo opita mphepo, osati wailesi yakanema yolira tsiku lonse.

Musanachoke, funsani zimene amachita mwana akatentha thupi, chipatala chimene amathamangirako, ngati amaona buku la kusikelo polembetsa, ndi mmene amatsimikizira munthu wobwera kudzatenga mwana. Mukamulembetsa, musadabwe akamalira masiku oyamba. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene patapita mwezi akuopabe njira ya kusukulu, wayambiranso kukodza pogona, kapena akubwera ndi zipsera zimene palibe akuzifotokoza. Zikatero bwererani m'mawa wina osanena, mukhale pa malo omwe aja, kenako mukambirane ndi oyang'anira kapena komiti ya makolo, mutalemba tsiku ndi zimene mwaona.