Kuphunzitsa ana msinkhu wa dziko ndi chingwe

Aphunzitsi anzanga, mukangolemba pa bolodi kuti dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.6 biliyoni ana amangokopera mu kope basi, sizilowa m'mutu. Gulani chingwe cha mamita 46 ku msika wa Limbe ndi mapegi oyanikira zovala, mutuluke nawo pa graundi. Mita imodzi ikhale zaka 100 miliyoni, kumapeto kwa chingwe ndi lero.

Ana ayende okha kuchokera koyambira, ayenda mamita oposa 40 osakumana ndi nsomba ngakhale mtengo, apa musawathamangitse, mpomwe amayamba kudabwa. Pegi ya Phiri la Mulanje ayipane pa mita 1.3 chisanathe chingwe. Madayinoso anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, ndiye masentimita 66, ndipo auzeni za Malawisaurus, dayinoso yemwe mafupa ake anapezeka ku Karonga, ku Malawi konkuno. Chibwano cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga lomwelo, masentimita awiri ndi theka okha.

Ife a Homo sapiens ndi mamilimita atatu, pegi siyikwanapo, lembani ndi bolopeni. Kenako alozereni phiri la Ndirande kapena la Soche aganize okha poti ayike pegi yake, akafufuze, mawa abwere ndi yankho.