Kuyenda pansi mpaka ku Santiago de Compostela: mverani mapazi anu

Njira ya Camino Francés imayambira m'katauni ka Saint-Jean-Pied-de-Port ku France, n'kudutsa kumpoto kwa Spain mpaka kumzinda wa Santiago de Compostela, kumene Akatolika amakhulupirira kuti kuli manda a Yakobo mtumwi. Ndi makilomita pafupifupi 780, ndipo ambiri amayenda mwezi wathunthu ndi masiku ena pamwamba. Anthu amene ndinawaona akuulekera panjira ulendowu sanali agogo ayi. Anali achinyamata a mphamvu zawo, amene ananyamuka ndi liwiro atabereka zikwama zolemera, ndipo pofika mumzinda wa Logroño mapazi anali atawakana.

Tiyambe ndi chikwama. Oyenda njirayi amati chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lanu, ndiye ngati mumalemera makilogalamu 70, chikwama chikhale 7 basi. Zovala ndi zosinthira ziwiri: zina pathupi, zina zikuuma. Mukachapa madzulo koma masokosi osauma, m'mawa muwakoleke ndi mapini kunja kwa chikwama, aziuma mukuyenda. Onjezani chovala cha mvula, chipewa, chofunda chopepuka, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira yemweyo, ndi patapata wovala madzulo. Chilichonse chimene mukuchitenga poganiza kuti "mwina chidzafunika", chisiyeni. M'nyumba zogona za masiku oyambirira mumakhala mabokosi odzaza mabuku ndi majuzi amene eni ake anatopa nawo.

Nsapato zikhale zozolowerana kale ndi phazi lanu, zoti mwayenda nazo milungu ingapo mutabereka chikwama chomwecho. Zikuleko pang'ono, chifukwa phazi limatupa likayenda tsiku lonse, ndipo pamtsetse zala zikamagunda kutsogolo zikhadabo zimada n'kuthothoka. Matuza samabwera mwadzidzidzi. Pamayamba katentha kenakake pachidendene kapena pakati pa zala, ndipo nthawi yoima ndi yomweyo, osati mukafika pamudzi wotsatira. Khalani pansi, vulani, pukutani, matanipo pulasitala. M'mawa uliwonse dzolani mafuta a Vaseline kumapazi, ndipo popuma masana vulani masokosi kuti mapazi apitidwe mphepo. Mudzakumana ndi akatswiri odzipatsa okha amene amalowetsa ulusi m'thuza ndi singano n'kuusiya momwemo usiku wonse. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, ulusi umalowetsa litsiro. Thuza likafiira kapena kuyamba mafinya, funani sitolo ya mankhwala, imadziwika ndi mtanda wobiriwira pakhomo.

Tsiku loyamba ndilo lankhanza. Kuchoka ku Saint-Jean kukafika ku Roncesvalles ndi makilomita ngati 25, kudutsa mapiri a Pyrenees, chitunda chokwera mamita opitirira 1,200. Njira ya pamwambayi imatsekedwa kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi chifukwa cha chipale chofewa, ndipo nthawi imeneyo anthu amadzera kumunsi, ku Valcarlos. Palibe cholakwa kuligawa pawiri tsikuli, n'kugona ku Orisson ngati mwasungitsiratu malo. Sabata yoyamba yonse musapose makilomita 20 patsiku ngati n'kotheka. Mnzanu akakhala wa miyendo yaitali, muloleni atsogole, mukapezana madzulo. Kuthamangira kuti mufanane naye n'kumene kumapha maondo.

Kusochera n'kovuta. Mivi yachikasu ili paliponse, pamiyala, pamitengo, pamakoma a makola a ng'ombe, pamodzi ndi chizindikiro cha chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Anayamba kupenta miviyi ndi wansembe wa m'mudzi wa O Cebreiro, Bambo Elías Valiña, m'zaka za m'ma 1980. Mukayenda mphindi 15 osaona muvi, bwererani pamene munauona komaliza.

Musanayambe pezani credencial, kabuku kamene amakudindirani m'matchalitchi, m'malo odyera ndi m'nyumba zogona. Popanda iko simulandiridwa m'ma albergue a boma ndi a mpingo, nyumba zimene oyenda ulendowu amagona motchipa pamabedi osanjikiza. Malamulo ake ndi okhwima: usiku umodzi wokha, chitseko chimatsekedwa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo pofika 8 koloko m'mawa mukhale mutatuluka. Zina zimalembedwa kuti donativo, kutanthauza kuti mupereke zomwe mungathe. Perekani ndithu, chakudya cha obwera mawa chimagulidwa ndi ndalama zanuzo. Tengani zotseka m'makutu, chifukwa m'chipinda cha anthu ambiri simulephera kukhala woliza mkonono. Yang'ananinso m'misoko ya matiresi ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi, ndipo chikwama musachiike pabedi.

Pakati pa Burgos ndi León pali chigwa chokwera chotchedwa Meseta. Ambiri amachidumpha pa basi, amati n'chotopetsa. Kwa ine pamenepa m'pamene pali ulendo weniweni. Minda ya tirigu mbali zonse, njira yowongoka, nsanja ya tchalitchi yooneka ngati ili pafupi koma n'kutha ola lathunthu musanaifike. Palibe choti maso azitanganidwa nacho, ndiye munthu umayamba kupemphera kapena kukangana ndi maganizo ako. Koma konzekerani: kuchoka ku Carrión de los Condes kukafika ku Calzadilla de la Cueza ndi makilomita 17 opanda mudzi, mthunzi wake wochita kusaka. Nyamukani kusanache, madzi okwanira ali m'chikwama. Mipope ya m'midzi ndi yabwino kumwa, kupatula yolembedwa kuti "no potable". Masitolo a m'midzi amatseka masana komanso Lamlungu, choncho kabuledi ndi kachipatso zisamasowe m'thumba.

Mukadutsa Astorga mudzafika pa Cruz de Ferro, mtanda wachitsulo pamwamba pa mlongoti, utazunguliridwa ndi mulu wa miyala. Mwambo wake ndi woti aliyense amasiyapo kamwala kochokera kwawo. Kakhale kakang'ono, mudzakabereka milungu itatu. Kenaka ndi chitunda cha O Cebreiro ndi chigawo cha Galicia, kwa mvula, nkhungu ndi ndowe m'tinjira.

Kuyambira m'tauni ya Sarria, imene ili pamtunda wopitirira pang'ono makilomita 100 kuchokera ku Santiago, zinthu zimasintha. Chikalata cha Compostela, chotsimikizira kuti mwamaliza ulendowu, chimaperekedwa kwa amene wayenda pansi makilomita osachepera 100 kulowera ku Santiago, kapena 200 panjinga, ndiye chikhamu chimayambira pamenepa. M'chaka cha 2023 anthu opitirira 400,000 analandira chikalatachi, ndipo 2027 ndi Chaka Choyera, pamene tsiku la Yakobo, 25 Julayi, lidzagwere Lamlungu, choncho yembekezerani piringupiringu. Musawanyoze oyambira ku Sarria chifukwa nsapato zawo n'zoyera, ambiri tchuthi chawo n'chasabata imodzi. M'chigawo chomalizachi dinditsani kawiri patsiku, ndipo malo ogona sungitsiranitu.

Mukafika ku Santiago pitani kuofesi ya oyenda ulendowu pa Rúa das Carretas ndi kabuku kanu ka zidindo, akakulembereni chikalata cha m'Chilatini. Misa ya apaulendo imakhalako 12 koloko masana, koma chikwama salola kulowa nacho m'tchalitchi, ndiye yambani mwakachisiya kumene mukagone. Botafumeiro, chofukizira lubani chachikulu chimene amuna asanu ndi atatu amachikoka ndi zingwe, sichigwedezedwa pa Misa iliyonse. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, kunyanja ku Finisterre kwatsala makilomita ngati 90, masiku atatu kapena anayi.