Kumanga nyumba yosadwalitsa anthu ogonamo

Mwafunsa zomanga nyumba yopanda fungo la mankhwala loti ana azitsokomola. Konzeranitu izi: njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono zopondedwa pamakina, laimu, penti wa madzi, matabwa ouma bwino.

1. Umbani njerwazo, muziphimbe ndi pulasitiki nkumazithirira madzi, zikhwime masiku 28. Sizifuna uvuni ndiye palibe utsi komanso mitengo yapulumuka.

2. Pa faundeshoni yalani pepala lakuda loletsa chinyezi musanayambe khoma. Mukalumpha apa khoma limachita nkhungu yakuda ija m'munsi, imeneyo imatha kuyambitsa chifuwa.

3. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ku khitchini musaiwale potulukira utsi wa mbaula.

4. Denga ikani malata kapena matailosi. Mapepala akale a asbestos ngakhale wina akupatseni ulere akaneni, fumbi lake mukamadula limabweretsa khansa ya m'mapapo.

5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kupaka oyilo wakuda wa galimoto pa matabwa poopa chiswe. Chonde musatero, kukatentha masana fungo lija limatsikira m'chipinda chogona ndipo mumalipuma usiku onse, bola kugula matabwa othiridwa kale mankhwala ndipo zidutswa zake osasonkhera moto.

6. Mkati pakani laimu kapena penti wa madzi. Penti wa mafuta wina amakhala ndi mtovu womwe umawononga ubongo wa ana, werengani pachitini kaye.

7. Siyani mawindo otsekula, mudzalowemo fungo likatheratu.