Katundu wodzaza m'shopu asakunamizeni

Anzanga a magolosale ndi ogulitsa zipangizo zaulimi ku Lizulu ndi ku Tsangano, mukafuna kudziwa mtengo weniweni wa bizinesi yanu, phatikizani ndalama zomwe muli nazo, katundu amene akuyenda msanga, ndi ngongole zimene mukudziwa kuti anthu abwezadi. Kenako chotsani zonse zomwe inuyo munakongola, kaya kubanki mkhonde, kwa okupatsani katundu, kapena kwa akatapira. Chotsalacho ndicho amayang'ana munthu wofuna kugula shopuyo kapena kuikamo ndalama zake.

Chimene chimamiza ambiri kuno ndi kukongoza feteleza kwa alimi a kachewere kuti adzalipire akakolola. Ndalama yanu imagona m'munda miyezi itatu kapena inayi, pomwe chiwongoladzanja cha ngongole imene munatengera fetelezayo chikukwera mwezi ndi mwezi. Chiwawu chikagwa m'mundamo, olira mumakhala awiri. Ine ndimati mlimi azipereka kaye theka, ngakhale akhale mlamu wanu.

Mpamba woodera katundu musagulire firiji kapena malata. Zinthu zochedwa kutuluka, monga mapoto ndi nsapato, odani zochepa, ndalama yambiri ipite ku shuga, sopo ndi mafuta ophikira.