Kukonzekera kuyenda wapansi kupita ku Namugongo

Chaka chilichonse pa 3 June, amwendamnjira amasonkhana ku Namugongo, ku Uganda, kukumbukira Charles Lwanga ndi anzake, Akhristu omwe adatenthedwa kumeneko mu 1886 chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Ena amayenda wapansi makilomita oposa 300. Ena mwa iwo amagonja panjira chifukwa cha matuza, mphamvu akadali nazo.

Yambani kuzoloweza thupi kudakali miyezi itatu. Poyamba yendani makilomita 5 katatu pa sabata, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka 25. Mwezi womaliza yendani masiku awiri otsatizana mutabereka chikwama chomwe mudzanyamule, chifukwa tsiku lachiwiri ndi lomwe limaulula pamene lamba akukhula phewa ndi pamene bondo likudandaula. Chikwamacho chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwanu.

Nsapato zatsopano ayi. Valani zomwe mwayendera kale milungu ingapo, zokulirapo pang'ono, poti mapazi amatupa masana. Wengani zikhadabo, apo ayi potsetsereka zimagunda kutsogolo kwa nsapato n'kuda. Masokosi a thonje amasunga thukuta, khungu n'kufewa, ndiye sankhani ouma msanga ndipo muziwasintha popuma. Pakani Vaseline pakati pa zala ndi m'ntchafu. Mukamva potentha pachidendene, imani pomwepo mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Madzi okha sakwanira mukatuluka thukuta kwambiri. Tengani mapaketi a ORS kuti mchere ubwerere m'thupi. Ku Uganda galimoto zimayenda kumanzere, choncho inu tsatani kumanja kwa msewu, moyang'anizana nazo, ndipo kukada valani chovala chonyezimira.